Khofi wa pa Mbaula: Tithandize Mwana wa Lero Kapena wa Mawa?

Loweruka lililonse m'mawa fungo la khofi limalowa m'nyumba mwanga kuno ku Maramba ine ndisanakoleze moto. Limachokera kwa anansi anga, banja limene linataya mwana wamwamuna wa zaka 7 ndi matenda a khansa. Mwanayo anayamba ndi kutupa tsaya. Tonse tinati ndi dzino, ena ananong'ona za ufiti, ndipo pofika naye ku Lusaka nthawi inali itatha.

Maliro atapita, mlamu wawo wa ku Kasama, kumene kuli minda ikuluikulu ya khofi, anayamba kuwatumizira khofi wosakazinga. Amake a mwanayo amakazinga m'chiwaya pa mbaula, natakasa osaleka kufikira njerezo zitayamba kuthetheka. Ana otsalawo amapeta makoko ndi lichero, abambo amasinja ndi kumanga m'timapepala. Ogula ambiri ndi alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, pakuti eni mudzife tinazolowera tiyi. Pa ndalamazo sadyapo ngakhale ngwee imodzi. Anapangana kuti ndi za ana odwala khansa.

Pangano limenelo ndi limene linautsa mkangano. Abambo akuti ndalama zipite kwa ochita kafukufuku. Amayi akuti zilipire basi ya ana opita ku chipatala. Tsiku lina amayiwo anandifunsa pamaso pa amuna awo: "Anzanga, inu ndinu akulu, tiweruzeni. Mwana akubuula pakhomo, ife n'kumagulira mankhwala mwana amene sanabadwe?" Abambo anayankha motsitsa mawu: "Amake mwana, wathu uja nayenso analipo tsiku limene anali asanabadwe."

Ndinayamba ndaima ndi amayi, ndipo zifukwa zawo n'zolemera. Bungwe la WHO limati m'mayiko olemera ana oposa 80 mwa 100 odwala khansa amachira, pamene m'mayiko ambiri osauka ochira sakwana 30. Mankhwala alipo kale. China mwa zosiyana n'chakuti ana athu amafika mochedwa, ndipo ambiri amalekeza chithandizo panjira. Chipatala cha Cancer Diseases Hospital, chimene chinatsegulidwa mu 2007, chili ku Lusaka, ulendo wopitirira makilomita 450 kuchokera kuno, ndipo mwana wa khansa sapita kamodzi. Mayi amasiya malo ake ku msika wa Maramba, amasiya ana ena kwa agogo, nakagona miyezi pafupi ndi bedi. Ulendo wachitatu ndalama zatha, ndipo poona kuti chotupa chaphwa amati mwana wachira. Banja lina la ku Lusaka limene linataya mwana wamkazi linaona vuto lomweli, ndipo bungwe limene linayambitsa, la Kayula Childhood Cancer Foundation, linatsegula nyumba yogonamo ana ndi owasamalira.

Koma mawu a abambo aja anandisowetsa tulo. Kodi mankhwala amene timati alipo kalewa anachokera kuti?

Matenda otupitsa tsaya aja ali ndi dzina: Burkitt lymphoma. Denis Burkitt anali dokotala wa ku Ireland, Mkhristu wodzipereka, amene ankagwira ntchito pa chipatala cha Mulago ku Kampala. Mu 1958 analemba za ana otupa nsagwada amene ankawaona. Ndalama zoyamba zimene anapatsidwa kuti afufuze zinali mapaundi 25 okha, ndipo anasindikizira timapepala ta zithunzi natumiza ku zipatala za mu Africa, kufunsa ngati nawonso amaona ana otere. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pa galimoto yakale makilomita pafupifupi 16,000, kudutsa mayiko athu ano mpaka ku Johannesburg. Anapeza kuti matendawa amachuluka kumalo otentha ndi a mvula yambiri, komwe kulinso malungo. Mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong, poyeza zotupa zotumizidwa kuchokera ku Kampala, anapeza kachilombo koyamba kodziwika kuti kamathandiza kuyambitsa khansa mwa anthu.

Ndipo taonani kaluwa kaja kofiirira kapena koyera kamene kamamera m'mabwalo mwathu popanda wothirira, kochokera ku Madagascar. Akatswiri ankakayeza pofuna mankhwala a shuga, m'malo mwake anapezamo vincristine, amene lero ali pakati pa mankhwala ofunika kwambiri a khansa ya ana. (Chonde pasakhale wokawiritsira mwana masamba ake, ndi poizoni.) Amene analipira ntchito zimenezi sankadziwa mwana wa ku Maramba. Ife tikudya zipatso za mtengo umene anabzala ena, ndipo munthu amene wadya chotero sangalankhule ngati kubzala n'kutaya nthawi.

Ngakhale ana alowapo. Ku America, kamtsikana kotchedwa Alexandra Scott, kodwala khansa, kanayamba kugulitsa madzi a mandimu pabwalo pa kwawo mu 2000 kali ndi zaka 4. Pamene kanamwalira mu 2004, ndalama zimene iko ndi otsanzira chitsanzo chake anasonkhanitsa zinali zitaposa madola 1 miliyoni. Kanadziwa kuti mwina sikadzapindula nazo.

Komabe ngongole siifanana kwa onse. Chipatala cha St. Jude cha ku Memphis chinalonjeza mu 2021 madola 200 miliyoni kuti mankhwala a khansa ya ana afike m'mayiko osauka, ndipo ntchitoyo itayamba mu 2025 Zambia inali pakati pa mayiko 6 oyamba. Kwacha ya khofi wa pa mbaula ikalowa m'thumba lotere siioneka n'komwe. Kwacha yomweyo ikalowa m'dzanja la kondakitala, mwana wafika ku Lusaka. St. Jude sidziwa kuti kuseri kwa msika kuli mayi amene wadumphitsa tsiku la mankhwala. Ife tikudziwa, ndipo chimene munthu akuchidziwa yekha n'chimene chili pamutu pake.

Palinso china chimene anansi anga sanachiganizire. Kafukufuku si wa m'magalasi okha. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anatha zaka zambiri akuyesa njira zotsika mtengo zochizira Burkitt lymphoma, naonetsa kuti pafupifupi theka la ana angachire ndi mankhwala ochepa. Anafunsanso makolo chifukwa cholekezera chithandizo, ndipo ndalama za ulendo ndi chakudya zinali pakati pa mayankho. Dokotala sangadziwe ngati mankhwala agwira ntchito mwana akapanda kubwerera kukayezedwa. Wolipira basi, tsono, wathandiza wofufuza ngakhale sanamuone.

Zonsezi ndinawauza, ndi kuti ine ndikadaika gawo lalikulu pa basi. Abambo anavomera ndi mutu, koma ndinaona kuti sindinayankhe funso lawo. Iwo sakuwerengera phindu. Akufuna kuti wina, kwinakwake, apeze chifukwa chimene mwa ana onse odwala malungo m'komboni muno, wawo ndiye anatupa tsaya. Ndinachita manyazi kuti ndinayankha munthu wolira ndi masamu.

Lero pa shelufu yawo pali zitini ziwiri. Cha basi sichikhalitsa. Mwezi wathawu chinaperekeza mtsikana wa ku Dambwa ndi agogo ake. Cha abambo chikudzaza pang'onopang'ono, ndipo sanapezebe kumene angatumize. Amayi, amene amati sagwirizana nacho, ndinawaona Loweruka lapitali akuponyamo ndalama ya paketi yomaliza, amuna awo ali panja kuzima makala.