Njinga ya Captain America ndi Mtengo wa Umboni

Kutamandidwa kukhale kwa Allah, Mwini wa chilichonse chimene manja athu agwira. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad (SAW), pa akubanja lake ndi pa Maswahaba ake. Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, ndikudzilangiza ndekha pamodzi ndi inu kuti tiope Allah pogula, pogulitsa ndi pochitira umboni.

Lero tilingalire za njinga yamoto ina ya ku America. M'mwezi wa Okutobala 2014, pa okushoni ya kampani ya Profiles in History ku California, njinga yotchedwa Captain America inafika pa mtengo wa madola 1.35 miliyoni. Inali Harley-Davidson yakale, ya foloko yaitali kutsogolo, zogwirira zokwera m'mwamba, ndi thanki ya petulo yopakidwa nyenyezi ndi mizere ya mbendera ya dzikolo. Wogulitsa ankati ndi imene Peter Fonda anakwera mu filimu ya Easy Rider ya chaka cha 1969. Wogula njinga yotere sapita nayo kumunda kapena kumsika. Amaiika m'nyumba kuti anthu aziiona. Nanga ndalama zonsezo zinkagula chiyani?

Chitsulo chake sichinali cha mtengo wapatali. Njinga zinayi za mufilimuyo zinakonzedwa kuchokera ku njinga zakale za apolisi. Chimene chinakweza mtengo ndi nkhani yake: yakuti munthu wotchuka anakhalapo, ndi kuti ilibe inzake padziko lonse. Koma nkhani siikidwa pa sikelo, ndipo makaniko sangaipeze potsegula injini. Wogula amangodalira mawu a mboni. Choncho mtengo wa chinthu chotere ndi mtengo wa umboni.

Vuto linagona pomwepo. Njinga zitatu mwa zinayizo zinabedwa filimu isanatuluke. Yachinayi inaphwanyika pojambula chigawo chomaliza, ndipo zotsala zake anazitenga Dan Haggerty, wosewera mafilimu, amene anaimanganso. Patapita zaka kunapezeka njinga ziwiri, ina ku Texas, ina imene inapita ku okushoni ija, iliyonse ndi chikalata chosainidwa ndi Haggerty yemweyo chonena kuti ndiyo yeniyeni. Za mumtima mwake akudziwa ndi Allah, ife sitiweruza. Koma chinthu chimodzi sichingakhale ziwiri, ndipo umboni utagawanika, chikaiko chinagwera njinga zonse. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

N'chifukwa chake Chisilamu chimaika umboni wabodza pakati pa machimo akuluakulu. Mtumiki (SAW) anaphunzitsa kuti malonda amadalitsidwa pamene wogula ndi wogulitsa anena zoona ndi kuulula chilema, ndipo madalitsowo amachoka akanama ndi kubisa. Analetsanso najash, kutanthauza kukweza mtengo mwachinyengo popanda cholinga chogula, pofuna kukopa ena kuti alipire zambiri.

Pali umboni winanso umene unasowa pa njinga imeneyi. Anthu amene anaiganizira ndi kuimanga anali Cliff Vaughs ndi Ben Hardy, amisiri achikuda a ku Los Angeles. Maina awo sanalembedwe pa mndandanda wa anthu ogwira ntchito mufilimuyo, ndipo kwa zaka zambiri anthu ochuluka sankawadziwa. Hardy anamwalira mu 1994, zaka makumi awiri okushoni ija isanachitike. Dzina la wokwera linakoka ndalama, pamene maina a odula ndi kuwotcherera chitsulo anatsala mumdima. Umboni ukhoza kukhala wopanda bodza koma n'kukhala wopereweza, ndipo kubisa dzina la mmisiri ndi kum'mana gawo la malipiro ake.

Wina angafunse kuti: kodi kukonda chinthu chakale ndi chokongola ndi tchimo? Iyayi. Chisilamu sichidana ndi kukongola, ndipo kusunga ntchito ya manja aluso kumathandiza ana kudziwa zimene akale anatha kuchita. Ngakhale okushoni yeniyeniyo ndi yololedwa. M'mabuku a hadith muli nkhani ya munthu wa mwa Answaar amene anabwera kudzapempha. Chuma chake chonse chinali nsalu yokhuthala ndi chikho. Mtumiki (SAW) anazitenga n'kuitanira ogula. Wina anatchula dirham imodzi, wina awiri, ndipo anagulitsa kwa wachiwiriyo. Dirham imodzi inagula chakudya cha banja, inayo inagula nkhwangwa. Mtumiki anaika mpini ndi manja ake, namutuma munthuyo kukatema nkhuni zogulitsa. Pakutha masiku 15 anabwera ndi madirham 10.

Taonani zimene zinachitika pa msika umenewo. Katundu anadutsa m'manja mwa munthu wolemekezeka kuposa onse, komabe anagulitsidwa pa madirham awiri, mtengo wa nsalu ndi chikho. Panalibe chobisika, ndipo ndalamazo zinasanduka chida chimene chinachotsa banja pa upemphi. Chuma chinatumikira munthu. Wogula chifukwa cha dzina la wotchuka adzifunse ngati akulemekeza luso, kapena akufuna kubwereka ulemerero wa mnzake kuti anthu amuyang'ane. Ulemu wa munthu sumatirira pa chishalo chimene anakhalapo. Peter Fonda anamwalira mu 2019, ndipo njinga sinam'tsatire kumanda.

Ambiri a ife sitidzaona madola miliyoni, koma mayeso omwewa amatipeza pa msika wathu. Pogulitsa njinga yamoto yogwiritsidwa kale ntchito, kodi timanena kuti inachitapo ngozi, kapena timadalira penti yatsopano? Mnzathu akatipempha kuti timuchitire umboni pa malire a munda kapena pa ngongole, kodi timasaina zimene tinaona, kapena zimene zim'kondweretse? Nyumba ikatha ndipo alendo akuiyamikira, kodi timatchula mmisiri amene anaimanga, ndipo tinam'lipira pa nthawi yake? Siginecha yanu ndi mawu anu ndi amanah. Pa tsiku la Qiyamah munthu adzafunsidwa za chuma chake, kumene anachipeza ndi kumene anachiwonongera.

Tikupempha Allah ayeretse malirime athu ku bodza, adalitse malonda athu, atipatse mitima yoyamika ntchito ya anzathu, ndipo aike chuma m'manja mwathu osati m'mitima mwathu. Atikhululukire ife, makolo athu ndi Asilamu onse. Ameen.