Kope la agogo a ku Misuku

M'mwezi wa Novembala Mpingo umapempherera amene anatisiya, kuyambira pa 2 Novembala, tsiku lokumbukira Akhristu onse omwalira. Lamulungu lachiwiri la mwezi womwewu dziko limakumbukiranso asilikali amene anafera ku nkhondo. Akuluakulu a boma amaika nkhata za maluwa pa zipilala za chikumbutso ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo ikakwana 11 koloko anthu amakhala chete kwa mphindi ziwiri. Gogo wina wa ku Chitipa, amene adzukulu ake ena amapemphera m'parishi muno, ankasunga zikumbutso ziwirizi ngati chinthu chimodzi.

Agogowa anabadwira m'mapiri a Misuku, pa nthawi imene malo amene lero ndi boma la Chitipa ankatchedwa Fort Hill. Asanakwatire analowa usilikali wa King's African Rifles, umene akuluakulu ankangoti Keyala. Anafika ku Zomba akudziwa Chisukwa ndi Chindali basi. Chinyanja anachiphunzirira komweko, pakuti ndicho ankalankhula asilikali a ku Nyasaland, ndipo mpaka ukalamba wawo ankachilankhula mwaukali ngati akulamula perete, ngakhale popempha madzi akumwa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inawatengera ku Mombasa, kenaka pa sitima ya pamadzi mpaka ku Ceylon. Mu 1944 anali ku Burma, m'gulu lalikulu la asilikali a kum'mawa kwa Africa limene linadutsa chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yosalekeza, kulowera ku mtsinje wa Chindwin. M'chigwamo matope ankafika m'mawondo, ndipo malungo ndi matenda ena ankagwetsa anthu ngakhale tsiku limene mfuti sinalire.

Pamaliro anthu amakonda kukometsera mbiri ya malemu, koma a m'banjali sabisa kuti agogo anabwerako ali munthu wovuta. Anabwera ndi mamendulo, mtima wapachala ndi ludzu la mowa. Usiku ankadzidzimuka n'kuthamangira m'nthochi. Agogo aakazi anabwerera kwawo kawiri, ankhoswe mpaka anatopa. Kusintha kwawo kunatenga zaka. Anayamba kuphunzira katekisimu ali kale bambo wa ana atatu, akukhala pa benchi limodzi ndi tiana, ndipo anabatizidwa ku mishoni ya Kaseye, kumene ankapita wapansi. Mowa anausiya pang'onopang'ono. Ukali wokha sunathe wonse.

Chimene sanasiye kuyambira pa ubatizo wawo ndi kope lina la sukulu. M'menemo analemba ndi pensulo maina 19 a anzawo amene sanabwerere kwawo, aliyense ndi dera lake pambali. Madzulo aliwonse a Novembala, banja likatha Kolona, iwo ankaimirira njo ngati ali pa perete, n'kuwerenga mainawo limodzilimodzi, banja likuyankha pemphero la akufa. Mawondo atafooka ankagwira khomo la nyumba, koma kuwerenga ali chikhalire ankakana.

Ambiri mwa anthu 19 aja sanali Akatolika. Munali Asilamu a ku Fort Johnston, kumene lero ndi Mangochi. Munali ophunzira a mishoni ya Livingstonia. Munalinso anyamata osabatizidwa amene anafa ndi zithumwa m'chiuno. Mkulu wina wa mpingo, munthu wachangu ndithu, anawadzudzulapo kuti sikoyenera kusakaniza anthu otere m'mapemphero a Chikhristu. Agogo anamuyankha kuti: "Nanenso chithumwa ndinali nacho, anandimangirira ndi amalume. Ine Mulungu anandipatsa zaka zoti ndichivule. Awa sanawapatse. Ndiye inu mukuti ndiwasiye?"

Agogo sanapite patali ndi sukulu, koma anayankha zogwirizana ndi Malembo. Buku lachiwiri la Amakabeo, mutu 12, limasimba za Yuda Makabeo ndi ankhondo ake atapita kukatola mitembo ya anzawo itatha nkhondo. M'kati mwa zovala za aliyense wa ophedwawo anapezamo zinthu zopatulidwira mafano a ku Jamnia, zimene Malamulo ankaletsa Myuda kukhala nazo. Yuda akanatha kunena kuti anthuwa alandira zowayenera. M'malo mwake anawapempherera kuti tchimo lawo lifafanizidwe, ndipo anasonkhetsa ndalama zasiliva pafupifupi 2,000 n'kuzitumiza ku Yerusalemu kuti akawaperekere nsembe. Wolemba bukuli akuyamikira zimenezi chifukwa zikuonetsa kuti Yuda ankayembekezera kuuka kwa akufa. Ndime imeneyi ndi imodzi mwa mizati ya chiphunzitso cha Mpingo pa za Purigatorio ndi kupempherera akufa, ndipo ndi bwino kuona kuti anthu amene akupemphereredwa m'menemo ndi asilikali ogwidwa ndi zithumwa. Munthu woyera kale safuna mapemphero a wina. Amawafuna ndi amene imfa yamupeza asanamalize kukonza moyo wake, ndipo otere ndiwo ambiri m'mabanja onse.

Nanga Asilamu aja ndi osabatizidwa aja? Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, unaphunzitsa kuti anthu amene sanadziwe Khristu ndi Mpingo wake popanda kulakwa kwawo, koma ankafunafuna Mulungu ndi mtima woona ndi kutsata chikumbumtima chawo, angathe kupulumuka. Mlandu wa munthu aliyense ali nawo ndi Mulungu yekha. Mkhristu wapatsidwa ntchito yopempha, ndipo sanapatsidwe mphamvu yofufuta dzina la munthu. Pajatu ngakhale mawu amene mpingo wonse umanena pa Misa usanalandire Ukaristia anachokera m'kamwa mwa msilikali wachikunja, mkulu wa asilikali uja wa pa Mateyo 8, amene Yesu anadabwa ndi chikhulupiriro chake.

Agogo anamwalira atapitirira zaka 90, nthawi yozizira, khofi akukololedwa. Ana ndi adzukulu anachoka ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kudzera ku Mzuzu, kutsika Chiweta, kufika ku Karonga, n'kukwera mapiri. Maliro atatha panabuka mkangano wa mamendulo, pakuti aliyense ankafuna kukawapachika pabalaza pake. Gulu la banja la pa WhatsApp linatha miyezi likukambirana za chiliza, mtundu wa matailosi ndi amene sanasonkhe. Kumanga chiliza si kulakwa, ndipo agogo anayenera ulemu umenewo. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'mauthenga onsewo panalibe amene anafunsa za Misa ya malemu, kapena za kope lija. Linapezeka pansi pa sutikesi pamodzi ndi makadi akale a kuchipatala, litatsala pang'ono kuotchedwa ndi zinyalala. Analitola ndi mdzukulu wamkazi amene ali mwana ankagona tulo mainawo akuwerengedwa.

Mabanja ambiri a m'parishi muno ali ngati banja limeneli. Manda a makolo ali kutali, ku Nsanje, ku Likoma, ku Nthalire, ndipo ndalama ya basi yoti munthu akaime pa manda pa 2 Novembala palibe. Ana akukula osadziwa chilankhulo cha agogo awo, ena ngakhale dzina lawo lenileni. Koma agogo a ku Misuku sanaonepo manda a mnzawo ngakhale mmodzi. Asilikali ambiri a nkhondo ya ku Burma anaikidwa kapena kulembedwa maina ku manda a Taukkyan, pafupi ndi Yangon, ndipo iwo sanabwerereko. Anali ndi pensulo ndi Kolona, ndipo zinawakwanira kwa zaka zoposa 50. Banja lililonse lingathe kukhala pansi sabata ino, kulemba maina a akufa ake, kuwawerenga pa mapemphero a madzulo ndi ku mphakati, ndi kuwaperekera Misa. Polembapo musadumphe amalume amene anamwalira muli pa chidani, kapena mlongo amene anasiya kupemphera, kapena mwana amene imfa yake banja silifuna kuitchula.

Mdzukulu uja anakopera maina onse 19 pa pepala la zopempherera za mwezi uno, n'kuonjezera dzina la agogo ake pansi. Mzere womaliza wa m'kopemo unamuvuta, chifukwa unalibe dzina. Agogo anangolemba kuti "mnyamata wa ku Japan, pa mtsinje", ndipo sanauzepo munthu aliyense chimene chinachitika pa mtsinjepo. Mtsikanayo anapita kukafunsa kuti: "Bambo mfumu, nanga uyu ndimulembe bwanji?" Anamuuza kuti amulembe monga momwe agogo ake anamulembera.