Kodi Mwayi Umafafaniza Mlandu? Za Ndege za Nkhondo Zouluka Chapansipansi

Funso lakuti munthu amayamba liti kukhala wolakwa, kaya ndi pamene wasankha kuchita chinthu choopsa kapena pamene chinthucho chapweteka wina, ndi lakalekale pakati pa anthu olingalira mozama za makhalidwe, koma limaonekera poyera pa nkhani ya asilikali oyendetsa ndege za nkhondo amene amatsitsa ndege pafupi ndi nthaka pofuna kudzionetsera. Kuuluka chapansipansi pakokha si kulakwa, pakuti pa nkhondo ndege imabisala m'zigwa ndi kuseri kwa mapiri kuti isaoneke pa radar, chipangizo chimene chimaponya mafunde a wailesi mlengalenga n'kuzindikira chilichonse chimene chawabweza, ndipo luso lotere msilikali sangalipeze popanda kuliyeserera. Chovuta ndi kutsika kopyola malire oikidwa, kumene sikutumikira ntchito koma maso a oonerera, kamera, kapena kutchuka pakati pa asilikali anzake.

Pa 3 Febuluwale 1998, ndege ya US Marine Corps ya mtundu wa EA-6B Prowler, yochokera pa bwalo la Aviano ku Italy, idadula chingwe chachitsulo chimene pankalendewera kanyumba konyamula anthu pa phiri la Cermis, pafupi ndi tauni ya Cavalese. Kanyumbako kadagwa kuchokera pa mamita pafupifupi 80 ndipo anthu onse 20 amene adali m'katimo, a m'maiko asanu ndi limodzi a ku Ulaya, adafa, pamene ndegeyo idabwerera ku Aviano itangoonongeka. Inkathamanga makilomita pafupifupi 870 pa ola, kutanthauza mamita oposa 240 pa sekondi iliyonse, ndipo idali pa mamita pafupifupi 100 kuchokera pansi, chonsecho lamulo la m'deralo silinkalola kutsika kupyola mamita pafupifupi 600. Pa liwiro lotere chingwe chimaoneka nthawi yochizemba itatha kale. Mu Malichi 1999 khoti la asilikali ku Camp Lejeune, m'chigawo cha North Carolina, lidamasula woyendetsa ndegeyo, Kaputeni Richard Ashby, pa mlandu wopha anthu mosafuna, atadziteteza kuti chingwecho sichidali pa mapu ake. Koma pambuyo pake iye ndi mnzake Joseph Schweitzer adapezeka olakwa pa mlandu wosokoneza chilungamo, chifukwa tepi ya kanema yojambulidwa m'ndegemo idachotsedwa n'kutenthedwa, ndipo onse awiri adachotsedwa usilikali.

Anthu a m'zigwa zimenezo adali atadandaula kale za ndege zodutsa mosesa madenga, kusonyeza kuti ena adatsikapo chimodzimodzi n'kubwerera osakhudza kanthu. Apa ndi pamene pali chimene Bernard Williams ndi Thomas Nagel, akatswiri a filosofi, adachikambirana mu 1976: kuti anthu amaweruzidwa mosiyana pa zosankha zofanana chifukwa cha zotsatira zimene iwo sadali nazo mphamvu, kotero kuti mwayi ndi tsoka zimaloŵerera pa nkhani ya kulakwa. Woyendetsa ndege amene adadutsa mamita ochepa pambali pa chingwe adasankha zomwezo zimene adasankha amene adachidula, ndipo chowasiyanitsa ndi mphepo kapena kachigawo ka sekondi. N'zoona kuti amene wapha amasenza katundu amene winayo sasenza, popeza pali maliro enieni ndi ana amasiye amene ayenera kuyankhidwa, ndiponso khoti silingalange mofanana chinthu chimene chachitika ndi chimene chikadangochitika. Komabe chikumbumtima sichingabisale kuseri kwa khoti. Kulakwa kumabadwa pamene dzanja latsitsa ndege dala, mwini wake akudziwa kuti pansipo pali anthu, ndipo chimene ngozi imachita ndi kuulula mlandu umene udalipo kale. Choipa china cha mwayi n'chakuti umaphunzitsa bodza, chifukwa ulendo uliwonse umene munthu wapulumuka amauwerenga ngati umboni wa luso lake, motero tsiku lotsatira amatsika moposerapo.

Ena amati uku ndiko kulimba mtima kumene dziko limafuna mwa asilikali ake, ndipo mawu amenewa sayenera kungonyozedwa, pakuti wamantha sangayendetse ndege ya nkhondo. Aristotle, m'buku lake la Nicomachean Ethics, adaika kulimba mtima pakati pa mantha opitirira ndi kuchita zinthu mosalingalira, ndipo adaona kuti wosalingalirayo kawirikawiri amakhala wodzitama amene amafuna kuoneka monga momwe wolimba mtima alili. Chosiyanitsa ndi cholinga: wolimba mtima amalandira ngozi chifukwa cha chinthu choyenera chimene sichingapezeke mwa njira ina. Msilikali adavomera kuika moyo wake pachiswe pa ntchito, koma mlendo wokwera phiri ndi mlimi wa m'chigwa sadavomere kanthu, ndipo moyo wao si chuma chimene wina angatchovere njuga. Chiphunzitso cha Chikhristu chimatchula mchitidwe wotere kuti kuyesa Mulungu, ndiko kudziponya dala m'ngozi yosafunika n'kumayembekeza chipulumutso, monga momwe Mateyu 4 ndi Luka 4 akufotokozera za Yesu pokana kudzigwetsa kuchokera pamwamba pa Kachisi. Wouluka modzionetsera amapitiriranso pamenepo, chifukwa poyesa Mulungu amaponya pansi ngakhale anthu ena amene sadafunsidwe.

Ngati mlandu umayamba ngozi isanachitike, ndiye kuti sukhudza woyendetsa yekha, ndipo izi zidaoneka ku Fairchild Air Force Base, m'chigawo cha Washington ku America. Pa 24 Juni 1994, Lt Col Arthur Holland ankayendetsa ndege yaikulu yoponya mabomba ya B-52 pokonzekera chionetsero, ndipo pokhota mozungulira nsanja ya oongolera ndege, pa mamita pafupifupi 75 kuchokera pansi, adaipendeketsa mpaka mapiko adaima chilili. Mapiko amanyamula ndege mwa kukankhira mpweya pansi, choncho ndege ikapendekeka mphamvuyo imaloza cham'mbali. Pa madigiri 60 mapiko amasenza kulemera kowirikiza kawiri, ndipo pa madigiri 90 palibenso chogwira ndege m'mwamba. Ndegeyo idagwa ndipo anthu anayi onse adafa. Holland adali mkulu wa nthambi yoona kuti oyendetsa ndege akutsata malamulo, koma kuyambira mu 1991 adakhala akuswa malamulo omwewo pamaso pa akuluakulu ake, ndipo mu Malichi 1994 adadutsa mosesa chitunda ku Yakima anthu akujambula. Nthawi zina sankadzudzulidwa n'komwe, ndipo nthawi zina ankangodzudzulidwa pakamwa, popanda cholembedwa, chifukwa ankabwerera wamoyo ndipo luso lake linkatamandidwa. Machenjezo a anzake adangotsata mtsinje wa tinkanena umene udathera mu siizi.

Mmodzi mwa ochenjezawo adali Lt Col Mark McGeehan, mtsogoleri wa gulu la oyendetsa ndege, amene adapempha mkulu wake, Col William Pellerin, kuti Holland aletsedwe kuuluka. Pempholo litakanidwa, McGeehan adaganiza zoti aliyense wa m'gulu lake asamakwere ndi Holland pokhapokha iye mwini atakhala pa mpando wachiwiri, ndipo ndi mmene adapezekera m'ndegemo tsiku limenelo, mkazi wake ndi ana ake akuonerera chapatali. Munthu ameneyu adalandira ngozi imene sadaifune pofuna kutchinjiriza ena, ndipo adaweruza khalidwe la mnzake pa nthawi imene linali lisanaphe aliyense, chimene akuluakulu ake adalephera kuchita. Mu 1995 Pellerin adavomera m'khoti la asilikali mlandu wonyalanyaza udindo wake, ndipo chilango chake chidali kalata yodzudzula ndi kudulidwa madola 1,500 pa malipiro ake mwezi uliwonse kwa miyezi isanu.