Mlandu wa Dzuwa Tiuzengera Yani?

Bambo anga anali ndi wailesi ya mabatire imene mu 1992, chaka cha kalata ya maepiskopi, ankamvera nayo BBC chamseri. Mawu akayamba kuzilala n'kusanduka phokoso, iwo ankangoti, "Basi, atitsekera." Mwina masiku ena ankanena zoona. Koma lero ndikudziwa kuti nthawi zina wotseka wailesiyo amakhala dzuwa.

Kuyambira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kumwambaku kuli mpweya wokhala ndi mphamvu ya magetsi, umene akatswiri amautcha ionosphere. Mafunde a shortwave amanjanja pa mpweyawu ngati mpira pakhoma, ndiye chifukwa chake mawu a ku London ankafika kumudzi kwathu. Dzuwa likaphulika, cheza chake chimafika m'mphindi 8 zokha n'kuchititsa kuti mpweyawu umeze mafunde aja. Pakapita tsiku limodzi kapena atatu, chimtambo cha tinthu ta magetsi chimadzagunda maginito a dziko. Ameneyo ndiye namondwe wa maginito.

Pafupi ndi ikweta ya maginito, imene muno mu Africa imadutsa ku Ethiopia ndi ku Nigeria, nkhani imakula. Masana mpweya uja umakwera ngati kasupe, n'kukaunjikana madigiri pafupifupi 15 kumpoto ndi kumwera. Namondwe amatha kuukankha kasupeyu kufika patali, kapena kumufooketsa. Dzuwa likalowa, mu mpweyamo mumabadwa mphako zikuluzikulu, ndipo uthenga wa GPS ukadutsamo umaphethira ngati nyali yotha mafuta, foni n'kukunamiza za pamene waima.

Funso langa nali, abale anga. N'chifukwa chiyani tsoka lililonse timafuna likhale ndi nkhope? Mvula ikakana, tiloza gogo wa kuseri kwa dambo. Mwana akadwala, tiloza mnansi. Mtima umakana kuti chinthu chochokera makilomita 150 miliyoni, chosatidziwa ngakhale dzina, chingatipweteke popanda chidani. Kudedwa timakupirira, chimene chimatiopsa n'kuvulazidwa ndi chinthu chosatiganizira n'komwe. Ndiye timasaka mfiti, wosalakwa n'kulipira mlandu wa dzuwa.

Komatu ndisapite nazo patali. Pa 13 March 1989 namondwe wotere anazimitsa magetsi ku Quebec kwa maola 9. Eni magetsi sanangoti "n'zakumwamba" n'kupinda manja. Anakonza zida zawo kuti zipirire. Mu May 2024 namondwe wina wamkulu anaimitsa mathirakitala oyendera GPS ku America pa nyengo yodzala, koma akatswiri anali atachenjeza kale kuti akubwera. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chimaimba ndithu. Wolipidwa kuti amve ng'omayo akagona, mlandu ndi wake.

Choncho pali machimo awiri: kuzenga mlandu munthu pa zimene lachita dzuwa, ndi kubisala kuseri kwa dzuwa pa zimene wachita munthu. Bambo anga ankagwa m'tchimo loyamba chifukwa cha mantha a nthawi imeneyo, ndipo sindiwadzudzula. Lachiwiri ndimaligwira mwa ine ndemwe, nthawi zonse ndikachedwa n'kunamizira netiweki.