Kodi Wolakwa Pothandiza Acimwa?

Mitsempha ya mwazi ya m'diso itsiriza kukula mwana ali pafupi kubadwa. Cifukwa cace khanda lobadwa masiku osakwana liri ndi maso anthete. M'zaka za m'ma 1940 madotolo a ku America, pofuna kupulumutsa makanda otere, anawapatsa mpweya wa oksijeni wocuruka. Mpweyawo unasokoneza mitsempha ija, ndipo ana zikwi anacita khungu. Mu 1951 dotolo Kate Campbell wa ku Melbourne analoza mpweyawo. Ataucepetsa, akhungu anacepa, koma maliro anacuruka.

Kodi tiwatsutse, abale? Ine ndikana, pakuti sanadziwe. Koma lero mpweyawo aupereka poyesa, ndipo khanda lotere liyenera kupimidwa maso likafika mwezi umodzi, nthenda isanakule. Nanga tate wozengereza ulendo wa ku cipatalawo adzayankha ciani?