Pamene buku lathera

Osewera tchesi wamba, amene mkati mwa sabata ali pa ntchito ndipo mpikisano amaupeza Loweruka, amakonda matsegulidwe a masewero kuposa china chilichonse. Munthu wa mapointi 1500 amatha kuloweza za m'buku pa matsegulidwe a Sicilian Najdorf mpaka kusuntha kwa 12, n'kusewera ndendende ngati katswiri wa dziko lonse. Kenako mnzake tsidya lina la bolodi amaika hatchi pamene buku silinanene, mwina chifukwa chongoiwala, ndipo wolowezayo amagwira chibwano, nthawi n'kumatha pa wotchi.

Sindikhulupirira kuti amaloweza pofuna kupambana kokha. Mlingo wa mapointi umene Arpad Elo anakonza, womwe bungwe la tchesi la FIDE linayamba kuugwiritsa ntchito mu 1970, ulibe chisoni: wokuposa ndi mapointi 200 amayembekezeka kutenga pafupifupi zigoli 3 pa masewero 4 aliwonse. Nambalayo imalembedwa pambali pa dzina lako usanakhale n'komwe pampando. Koyambirira kwa masewero ndi kokhako kumene nambalayo siilankhula, chifukwa nzeru zimene ukuyendera si zako. Zili ngati suti yobwereka pa ukwati: imakukhala bwino, anthu n'kuyamikira, koma mthumba mwake mulibe kanthu kako.

Chomwe chimaiwalika n'chakuti zolowezazo zinayamba ndi munthu amene analibe poonera. William Davies Evans wa ku Wales sankadya za tchesi, ntchito yake inali yoyendetsa sitima ya panyanja. Cha m'ma 1827 ku London, posewera ndi Alexander McDonnell, anapereka dala msilikali wake wa pa b4 kuti bishopu wa mdani atayire nthawi pomudya, iye n'kulanda pakati pa bolodi. Anapambana. Patapita zaka zoposa 160, mu 1995 ku Riga, Garry Kasparov anafukula Evans Gambit yomweyo n'kugonjetsa nayo Viswanathan Anand pa kusuntha 25 kokha.

Lero wosewera wamba amakankha msilikali yemweyo mosazengereza, dzanja lili nganganga, poti anaona kuti akuluakulu amatero. Chimene buku silingamubwereke ndi mtima wokhala ndi ngongole ya msilikali woperekedwayo. Evans ankadziwa chimene wagula ndi msilikali wake, ndipo ankathamangira kuchigwiritsa ntchito mdani asanabise mfumu. Ambiri mwa omutsatira, zoloweza zikangotha, amawerenga asilikali, n'kupeza kuti mmodzi akusowa, ndipo masewero onse otsalawo amathera pa kufunafuna njira yomubweza.