Nkhoswe Yokwera Ndege

Akuluakulu a makampani a magetsi akakwera ndege kupita ku Beijing kapena ku Dubai kukakopa amalonda, anthu kuno ku Masembura, m'boma la Bindura, amati ndi ulendo wa malawansi basi. Ndimamvetsa kumene mawuwa akuchokera. Munthu amene wabwerera kuchigayo ndi chimanga chosagaya chifukwa magetsi azima sangaombere m'manja chithunzi cha anthu amasuti akugwirana chanza. Komabe ine sindivomereza kuti maulendowa ndi achabe.

Ku Bindura kumafikira mawaya akuluakulu ochokera ku Songo, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, obweretsa magetsi a damu la Cahora Bassa. Ambiri mwa agogo athu ochokera ku Nyasaland anadzera ku Tete komweko wapansi pobwera kudzagwira ntchito m'migodi ya dziko lino, ndipo lero magetsi akutsata mapazi awo. Mawaya amenewa sanamere ngati bowa. Panali anthu amene anayenda, nakakhala pansi ndi eni damu, nakanganirana mtengo. Bungwe la Southern African Power Pool, lomwe linakhazikitsidwa mu 1995 ndipo ofesi yake ili ku Harare, limathandiza mayiko kugulitsana magetsi chifukwa cha kuyenderana kotereku. Makina awiri atsopano a ku Hwange, opanga mamegawati 600, anamangidwa ndi kampani ya Sinohydro ndi ngongole ya China Exim Bank, ndipo anatsegulidwa mu 2023. Amene akukumbukira mdima wa kumapeto kwa 2022, madzi atachepa ku Kariba, akudziwa kuti makinawo anabwera nthawi yake.

Ena anganene za damu la Batoka Gorge, la mamegawati 2,400, lomwe ntchito yake inaperekedwa kwa General Electric ndi PowerChina mu 2019 koma zaka zinadutsa khoma lisanayambe. Zimenezo sizindipweteka kwambiri. Mlenje sapha tsiku lililonse.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi nkhani ya unkhoswe. Kwathu, mnyamata akafuna banja sapita yekha kukalankhula kuchikazi, amatuma nkhoswe. Nkhosweyo imayenda m'dzina la ena, ndipo ulendo wake sumathera kumene yapitako. Umathera pamkeka wa kwawo, pamene yakhala pansi n'kufotokoza kuti uko anena zakuti, apempha zakuti, ine ndavomera izi, izi ndakana. Abale amafunsa, mwina kukwiya kumene, ndipo banja likadzagwedezeka amadziwa khomo loti agogode. Nkhoswe yobwerako n'kungoti “zayenda bwino” sitiituma kachiwiri.

Mkulu wa magetsi naye amayenda m'dzina lathu. Akaimirira pamaso pa eni ndalama amatchula midzi yopanda magetsi, zipatala zochiritsira odwala pa tochi ya foni, ana owerenga pa kandulo. Umphawi wathu ndiwo umamutsegulira chitseko. Koma akabwerako amakafotokoza kwa nduna ndi kwa akuluakulu anzake, ife n'kungomva pa wailesi kuti asaina. Chiwongoladzanja n'chotani? Chikole n'chiyani? Ngongoleyo idzabwezedwa pokweza mtengo wa magetsi kapena msonkho? Mwana wa ku Masembura amene sanabadwe adzalipirako, chonsecho palibe anamufunsa, ngakhale amayi ake.

Ndikudziwa kuti malonda ali ndi zinsinsi, ndipo munthu sangaulule mtengo wake womaliza akadali pamsika. Koma chinsinsi chimatha cholembera chikatsika papepala. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amanena kuti boma likatenga ngongole, mfundo zake zisindikizidwe mu Gazette pasanathe masiku 60. Lamulo labwino ndithu. Koma Gazette ndi chikalata cha Chingerezi chimene sichifika pansi pa mtengo pamene mfumu imasonkhanitsa anthu, ngakhale malamulo omwewo amati Chishona ndi Chichewa zili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka.

Palinso funso la amene amayamba kudya. Magetsi akachepa, migodi ngati Freda Rebecca ndi imene dziko silingalole kuti iime, poti golide ndiye amabweretsa ndalama zakunja. Sindikudandaula nazo, abale athu ambiri amadyera kumeneko. Ndingopempha chilungamo pa mawu. Ngati ulendo uli wa migodi, anene kuti ndi wa migodi, asanyamule dzina la mudzi ngati chiphaso. Zosowa za mudzi ndi zazing'ono moti sizikwera ndege: mapolo, thiransifoma, waya wofika kusukulu ndi pampu yothirira dimba la tomato pafupi ndi damu la Masembura. Ntchito imeneyo inasiyidwa m'manja mwa thumba la magetsi a kumidzi lomwe linakhazikitsidwa mu 2002, ndipo imayenda ngati nkhono.

Pakadali pano kuwala kumene kukuoneka m'nyumba zambiri usiku kuno n'kwa sola. Kunabwera ndi apaulendo ena a malonda, amayi okwera basi kupita ku Musina ndi ku Johannesburg ndi ndalama za m'thumba mwawo, ogona pamzere ku Beitbridge, obwerera ndi tinyale ndi mabatire m'zikwama. Palibe wowajambula akamanyamuka. Batire likafa pasanathe mwezi, wogula amanyamuka m'mamawa kupita kunyumba kwa mayiyo, ndipo mayiyo amatuluka, chitenje m'chiuno, kudzayankha.